Kukwera phiri n'kudikirana

Dera la kuzambwe kwa Lilongwe ndi lachidikha. Kuchoka pa Mpingu kukafika ku Namitete, kapena kulowera ku Nsaru ndi ku Kabudula, munthu umapalasa njinga mtunda wautali osakumana ndi chitunda chokutsitsa. N'chifukwa chake ulendo wa kuphiri ukalengezedwa kutchalitchi anthu salimbalimba kulembetsa. Ena amachita hayala lole kukachezera m'mapemphero paphiri la Bunda, pomwe ena amalowera ku Dzalanyama, nkhalango yomwe idayamba kutetezedwa mu 1922 komanso komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe.

Koma taonani mmene gulu limakwerera. Patsinde onse amanyamuka limodzi, nyimbo ili pakamwa. Pakangotha mphindi 30 nyimbo ija yazilala, kwatsala wefuwefu. Anyamata atsogola, abambo ali pakati, ndipo kumbuyo kwenikweni kuli mayi wa mwana kumsana, chigubu cha madzi kumanja.

Chopweteka chimachitika popuma. Otsogola aja amakhala pamwala kudikira. Mayi uja akangotulukira, iwo amadzambatuka, ati tiyeni tapuma mokwanira. Mapeto ake wamphamvu wapuma kanayi, wofooka sadakhaleko pansi n'kamodzi komwe. Odziwa kuyenda m'mapiri satero ayi. Amaika woyenda pang'onopang'ono patsogolo kuti liwiro likhale lake, wamphamvu n'kukhala kumapeto atasenza katundu wolemera, ndipo nthawi yopuma amayamba kuiwerenga womaliza akafika.

Abale anga, m'mabanja ambiri achikhristu zikuyenda ngati gulu loyamba lija. Bambo watembenuka mtima chaka chino, moto uli lawilawi, ndiye walamula kuti nyumba yonse isale kudya masiku atatu. Waiwala kuti mkazi wake akuyamwitsa. Kwina ndi mayi amene sajomba mapemphero a usiku, ndipo mwamuna wake yemwe wangoyamba kumene kuponda kutchalitchi akumutcha wachikunja pamaso pa ana. Kodi bambo wotereyu Lamulungu likudzali adzadzukanso?

Nanga ana? Pemphero la madzulo likutenga ola lathunthu, mwana wa Sitandade 2 wayenda kale mtunda kupita ndi kubwerera kusukulu, akasinza alandira khofi. Mwanayo akuphunzira kuti kupemphera ndi chilango, ndipo tsiku lomwe adzachoke pakhomo adzakusiya pomwepo. Mphindi zisanu zokwana, iye mwini atatchulako mawu awiri atatu, zimamufikitsa patali kuposa ulaliki wa bambo ake.

Pano ndinenepo mosapsatira za odwala. Amene ali pa ma ARV, a matenda a shuga, a BP ndi amayi oyembekezera asakakamizidwe kusala kudya, ndipo mankhwala apite nawo kuphiriko. Wina akakuuzani kuti kumwa mankhwala n'kuchepa chikhulupiriro, ameneyo ndi mnyamata wothamangira pamwamba uja, sadzakhalapo pokunyamulani kupita ku St Gabriel's.

Nkhaniyi si yachilendo m'Baibulo. Pa Genesis 33, Yakobo atayanjananso ndi mkulu wake, Esau adamupempha kuti ayendere limodzi. Esau adali ndi amuna 400, anthu oyenda mwachangu. Yakobo adakana mwaulemu. Adafotokoza kuti ana ake adali anthete, ziweto zina zinkayamwitsa, ndipo kuzithamangitsa tsiku limodzi lokha zikadatha kufa. Adasankha kuyenda pa liwiro la ana ndi ziwetozo. Tikumbuke kuti munthuyu adali atangochezera usiku wonse kulimbana ndi Mulungu pa Penieli. Ngati padali wina woyenera kudzitama kuti wafika pamwamba pauzimu, adali iyeyu. Komatu adachoka pamenepo akutsimphina, ndipo mwina n'chimene chidamuthandiza kumvetsa oyenda pang'onopang'ono.

Kudikira kumawawa, tisanamizane. Ukaona anzako afika kale pansonga akuimba, iwe ukadali pakati pa miyala kugwira dzanja mkazi wako kapena kunyamula mwana amene wafuna yekha kubwera, mtima umanyinyirika. Enanso kumpingo adzakunena kuti wazizira. Naye Yakobo adatsala m'mbuyo: Esau adanyamuka tsiku lomwelo kubwerera ku Seiri, pomwe iye adakaima pa Sukoti n'kumanga nyumba yake ndi makola a ziweto.