Magetsi akazima ndi pamene alamu ya utsi imafunika kwambiri

Bambo wina wogula soya ndi mtedza pa Mchinji Boma anamanga nyumba yabwino ya zipinda zogona zinayi, ya njerwa zootcha, malata opaka utoto ndi matailosi mpaka kubafa. Atalandira pepala la zofunika pa ntchito ya magetsi, anakhala nalo pakhonde, cholembera chili m'manja. Mawaya anavomereza. Masoketi anawonjezera awiri. Nyale za panja zoopsezera akuba anati zikhale 6 m'malo mwa 4. Atafika pa mzere wa maalamu anayi, atatu a utsi ndi imodzi ya kutentha, anaufafaniza osafunsa ndi mtengo womwe.

"Amisiri, izi n'za kwa azungu," anatero. "Chinthu chodalira magetsi chidzandidzutsa bwanji usiku umene magetsiwo azima?"

Pepalalo ndinalemba ndine. Funso limenelo ndalimva pa Boma pano, ku Kamwendo, ku Mkanda ndi ku Kapiri, kwa aphunzitsi, kwa amalonda, ngakhale kwa amisiri anzanga ena, ndipo limandiwawa chifukwa limamveka lanzeru pamene likuchokera pa kusadziwa mmene chipangizochi chinapangidwira.

Alamu imene tikunena pano imadya magetsi a 230V a m'nyumba, koma m'mimba mwake muli batire. Magetsi akakhalapo, kanyale kobiriwira kamayaka ndipo batireyo imangodikira. Akazima, kapena mayunitsi akatha pa mita pakati pa usiku, batire imayamba ntchito nthawi yomweyo popanda munthu kukhudza kanthu. Amene anaipanga anaganizira kale za kuzima kwa magetsi, pakuti ngakhale kumaiko kumene magetsi sazimazima, moto weniweniwo umatha kuotcha mawaya n'kugwetsa breaker usanafike kuchipinda chogona.

Malamulo a ku Britain otchedwa BS 5839 gawo 6, amene amisiri ambiri kuno amawerenga popeza mawaya ndi masoketi athu amatsata njira za kumeneko, amagawa maalamu oterewa pawiri. A mtundu wa D1 amakhala ndi batire yomatidwa mkati, yosachotseka, yopangidwa kuti ikhale moyo wonse wa alamuyo, pafupifupi zaka 10. A mtundu wa D2 amakhala ndi batire yosintha, kawirikawiri kabatire kamakona ka 9V. Kwa Mchinji, D1 ndiye wabwino, ndipo pa ichi sindikayika. Kabatire ka 9V kamatha msanga kumene magetsi amazima kawirikawiri, sikapezeka m'maokala onse, ndipo alamu ikayamba kulira pang'onopang'ono kudandaula batire, mwini nyumba amakwera pampando, n'kukachotsa, n'kuiwala.

Tsopano taganizirani zimene zimachitika m'nyumba magetsi akazima. Mwana wa Fomu 2 amayatsa kandulo kuti awerenge, n'kuiimika pa tebulo pafupi ndi katani, kapena pansi pafupi ndi neti ya udzudzu, tulo n'kumugwira. Mayi amene amasita yunifolomu amasiya simbi pa bulangete osazimitsa switchi ya pasoketi, chifukwa simbi yozizira sioneka yoopsa. Poto wa nyemba amatsala pa hotipuleti. Mbaula imalowa m'nyumba. Ndiye cha m'ma 1 koloko usiku magetsi amabwerera mwakachetechete, simbi ija ndi hotipuleti ija n'kuyamba kutentha pamene nyumba yonse ili m'tulo. Anthu a m'boma lino akukumbukira bwino nyengo imene inayamba mu January 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire n'kuchotsa pafupifupi 130MW mpaka mu 2023. Miyezi yonse ija makandulo anali m'zipinda zogona usiku ndi usiku. Kuzimazima kwa magetsi kumene bambo aja ankati n'chifukwa chokanira alamu ndi kumene kumachulukitsa njira zoyambira moto.

Bambowo sanagonje msanga. Anati nyumba yawo ndi ya njerwa ndi malata, si yofolera ndi udzu, ndipo iwo tulo tawo n'topepuka, fungo la utsi angalimve.

Njerwa siipsa, n'zoona. Chimene chimapsa ndi matiresi a siponji, masofa, makatani, siling'i, mitengo ya denga, mipando ya pulasitiki, ndiponso chigubu cha petulo chimene ambiri amasunga kusitolo mafuta akamasowa. Siponji ikamapsa imatulutsa utsi wakuda wa poizoni, ndipo nyumba ya njerwa yokhala ndi siling'i ndi mawindo otseka bwino imausunga utsiwo mkati. Pa ngozi za moto wa m'nyumba, ambiri amafa ndi utsi malawi asanawakhudze. Za mphuno nazo, mu 2004 ofufuza a pa Brown University ku America anayesa kudzutsa anthu ogona ndi mafungo amphamvu. M'tulo tofa nato fungo silinkawadzutsa, koma phokoso linkawadzutsa. Kuonjezera apo, mu utsi muli mpweya wa carbon monoxide, umene umafooketsa munthu n'kumugoneka kwambiri. N'chifukwa chake alamu imapangidwa kuti izilira mokweza zedi, pa mlingo wa 85 decibel munthu ataima mamita atatu kuchokera pamene ili. Phokoso lake n'losautsa dala.

Nyumba ya bambo aja, monga zambiri za anthu opeza bwino kuno, ili ndi zitsulo zotchinga akuba pawindo lililonse, ndi chitseko chachitsulo pakati pa balaza ndi kolido ya kuzipinda, chimene amakhoma ndi loko usiku. Palibe angawadzudzule, akuba alipo. Koma banja lotsekeredwa motero limafuna nthawi yopeza kiyi mumdima, kudzutsa ana ndi kutsegula maloko awiri kapena atatu. Galimoto zozimitsa moto zimene timadziwa tonse ndi za makhonsolo a mizinda, Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ndipo kuchokera ku Lilongwe kufika pa Boma pano pa msewu wa M12 ndi makilomita oposa 100. Chimene chingapulumutse anthu m'nyumba yotere ndi mphindi zochepa zoyambirira zija, utsi usanadzaze kolido.

Apa ndi pamene pamafunika kulumikiza maalamu. Alamu yoima payokha kukhitchini, kuseri kwa zitseko ziwiri zotseka, mwina mvula ikuwomba pamalata, singamveke kuchipinda chakumapeto. Ikalumikizidwa ndi zinzake, imodzi ikamva moto zonse zimalira pamodzi. Ntchito yake si yovuta kwa mmisiri. Magetsi amafika pa alamu yoyamba ndi waya wamba wa live, neutral ndi earth. Kuchoka pamenepo kupita ku zinazo timakoka waya wa mitsempha itatu ndi earth, ndipo mtsempha wachitatuwo, umene timautcha interconnect, ntchito yake n'kungonyamula uthenga kuchokera ku alamu ina kupita ku inzake. Pa mitundu ya mawaya ya masiku ano wa bulauni ndi live, wotuwa timauveka kachizindikiro ka buluu kuti ukhale neutral, wakuda n'kukhala wa uthenga. M'nyumba zakale za mawaya ofiira ndi akuda mitundu imasokoneza, choncho mmisiri ayeze ndi mita yake, asadalire maso. Waya wa uthenga ukakhudzana ndi live, maalamu onse akhoza kuonongeka nthawi imodzi.

Amisiri timatsutsana pa funso la kumene magetsiwo achokere. Malamulo amalola njira ziwiri: kuwapatsa breaker yawoyawo mu DB, lomwe ndi bokosi logawa magetsi m'nyumba, kapena kuwatengera pa waya wa nyale zimene banja limayatsa tsiku lililonse. Ine ndimakonda yachiwiri. Breaker ya maalamu okha ikagwa, patha mwezi wathunthu munthu osadziwa. Ya nyale za pabalaza ikagwa, madzulo omwewo wina amapita ku DB. Chosaloledwa konse n'kutengera magetsi kuseri kwa switchi, kuti munthu akazimitsa nyale alamu nayo izime. Ndinapezapo zoterezi m'nyumba ina yobwereketsa, ndipo batire inali itatha kalekale.

Kukhitchini sitiika alamu ya utsi. Alamu ya utsi ili ndi kachipinda kamdima mkati, momwe muli kuwala kosaoneka ndi maso ndi kadiso kamagetsi. Utsi ukalowa umamwaza kuwalako, kadiso n'kukuona, alamu n'kulira. Koma kadisoko sikasiyanitsa utsi wa katani ndi wa usipa wokazinga kapena nthunzi ya poto wa nsima, ndipo alamu yolira nthawi iliyonse mayi akaphika sikhala sabata isanazulidwe. Ya kukhitchini ndi alamu ya kutentha, imene utsi ilibe nawo ntchito, imangolira mpweya wa pasiling'i ukafika pafupifupi madigiri 58. Imachedwerapo poyerekeza ndi ya utsi, n'chifukwa chake siiloledwa kukhala yokha m'nyumba kapena kuikidwa m'kolido.

Dziko la Scotland, lomwe lili pa ubale wakale ndi Malawi, linakhazikitsa lamulo kuyambira February 2022 kuti nyumba iliyonse ikhale ndi alamu ya utsi pabalaza, ina m'kolido iliyonse, ya kutentha kukhitchini, zonse pasiling'i ndiponso zolumikizana. Maalamu anayi a pa pepala la bambo aja anali dongosolo lomwelo, kolido yawo pokhala yaitali inafuna awiri.

Nyumba zogona alendo zimene zachuluka chifukwa cha chipata cha m'malire cha Mchinji ndi Mwami, komanso nyumba zogona ana a sukulu, ndi nkhani yokulirapo. Zimenezo zimafuna dongosolo lokhala ndi panel yosonyeza chipinda chimene moto wayambira, ndi mabelu m'makolido. Akuluakulu a sukulu akumbukire usiku wa pa 5 September 2024, pamene anyamata 21 anafa pa moto wa kumalo ogona pa Hillside Endarasha Academy ku Nyeri m'dziko la Kenya. Kwathu konkuno, laibulale ya Mzuzu University inapsa usiku pa 18 December 2015 pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000.

Malangizo otsalawa ndiwanena mwachidule, ndipo kapepala ka m'bokosi la alamu yanu ndi kamene kali ndi mawu omaliza. Alamu ikhale pasiling'i, masentimita 30 kapena kuposapo kuchokera kukhoma ndi kunyale, pakuti m'makona mpweya suyenda ndipo utsi umachedwa kufikamo. Ya m'kolido isatalikire mamita atatu kuchokera pa zitseko za kuchipinda. Musasakanize maalamu a makampani osiyana pa waya umodzi wa uthenga, ndipo onani chiwerengero chimene kampaniyo imalola, ambiri amaika malire pa 12. Mmisiri akamayesa mawaya ndi makina a 500V aja timawatcha megger, maalamu akhale atachotsedwa. Opaka penti asanamalize, alamu ikhale yovundikira, koma chivundikirocho chichoke banja lisanagonemo.

Nyumba yopanda siling'i imavuta. Pansi pa malata mu October pamatha kutentha kuposa madigiri 40 amene maalamu ambiri a utsi amapirira, ndipo fumbi ndi akangaude zimalowa m'kachipinda kaja n'kuchititsa kuti alamu izilira popanda moto. Pamenepo mmisiri afike kaye aone yekha. Amene ali ndi sola ndi inverter afunse ngati inverter yawo imatulutsa magetsi osalala, otchedwa pure sine wave, chifukwa zotchipa zina zimaononga maalamu. Kwa iwo, ndi kwa amene nyumba yawo inatha kale ndipo safuna kugumula, alipo maalamu a batire ya zaka 10 amene amalumikizana popanda waya. Dziwaninso kuti alamu ya utsi siimva mpweya wa mbaula. Umenewo uli ndi alamu yakeyake ya carbon monoxide, ngakhale chofunika kwambiri m'June ndi July n'kusagona ndi mbaula m'chipinda chotseka. Batani loyesera lizidinidwa kamodzi pa mwezi, wina ataima kuchipinda chakutali kuti atsimikize kuti zonse zalira. Pakatha zaka 10 alamu yonse isinthidwe, tsiku lake limalembedwa pambali kapena kuseri.

Ntchito ya pa 230V ndi ya mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA, ndipo mwini nyumba ali ndi ufulu wopempha kuona chilolezocho. Pa chipangizo chenichenicho funani chizindikiro cha EN 14604 pa alamu ya utsi, pakuti katundu wolowa m'dziko kudzera m'malire ndi wamitundumitundu.

Bambo aja maalamu sanagule. Anangovomera kuti waya wa mitsempha itatu ukokedwe siling'i isanatsekedwe, popeza mtengo wake unali wochepa pa ntchito yonse. Lero m'nyumba mwawo muli timabokosi tinayi totseka ndi zivundikiro zoyera, kamodzi pabalaza, tiwiri m'kolido, kamodzi kukhitchini, ndipo ana amagona kuseri kwa chitseko chachitsulo chija. Ndikawapeza pa msika ndimawakumbutsabe.

Inu amene mukumanga chaka chino ndi ndalama za fodya, soya kapena mtedza, uzani mmisiri wanu akoke waya umenewu siling'i isanakhomedwe, ndipo maalamuwo akhale atapachikidwa ndi kuyesedwa banja lanu lisanagonemo usiku woyamba.