Chuku m'Diso la Kamera

Mlimi wa fodya wa ku Kasungu sauzidwa za chuku. Amadziŵa kuti belo la chuku likafika ku msika wa Chinkhoma, ogula amalikana. Koma wachinyamata amene wangotsiriza sukulu, nafuna kupeza ndalama pojambula zithunzi m'maukwati, kaŵirikaŵiri sadziŵa kuti mdani yemweyu amaloŵanso m'diso la kamera, makamaka kamera yakale imene iye angakwanitse kugula.

Chuku chimamera chinyezi cha mumpweya chikapitirira 70 peresenti kwa masiku angapo, monga zimakhalira m'dzinja. Chimadya fumbi ndi mafuta a m'zala otsalira pagalasi, ndipo chikakhalitsa chimatulutsa asidi amene amadya utoto wopyapyala wa pagalasipo. Zikafika pamenepo, ngakhale mmisiri atapukuta chotani, chipsera sichichoka, ndipo zithunzi zimatuluka ngati zajambulidwa mu utsi.

Tsono wogula asafulumire kupereka ndalama. Achotse disolo pa kamera, aliunike ndi tochi kumbuyo, iye akusuzumira chapambali. Fumbi limaoneka ngati timadontho, ndipo silidetsa nkhaŵa. Chuku ndi timaulusi toyera tochita nthambi, tonga ukonde wa kangaude. Chikakhala cha m'mphepete, ndi chifukwa chabwino chotsitsira mtengo. Chikafika pakati, disolo n'losiya, ngakhale wogulitsa alumbire motani.

Akagula, asaisunge m'chikwama chachikopa, chifukwa chimasunga chinyezi. Chigoba chapulasitiki chotseka bwino n'chokwanira, ataikamo timapaketi ta silika topezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano.