Ulendo Wathu wa ku Mathithi a Williams

Kwa zaka zambiri takhala tikuphunzitsa m'kalasi kuti mitsinje imayambira kumapiri, koma ana athu ambiri madzi amangowadziŵira pampopi. Nchifukwa chake Loŵeruka lina m'mwezi wa Juni tinatenga ana a Sitandade 7 kukwera phiri la Zomba kuti akadzionere okha.

Kuchokera mumzinda wa Zomba, umene unali likulu la dziko lino kufikira m'chaka cha 1975, msewu umakwera mokhotakhota mpaka pamwamba pa phiri, limene nsonga zake zimapitirira mamita 2,000. Titafika pa damu la Mulunguzi tinayamba kuyenda pansi, kutsata mtsinje chokwera, ndipo tinapitirira mathithi a Mandala. Njira inali yoterera, mphepo yozizira ngati ya mbandakucha.

Mathithi a Williams tinayamba kuwamva tisanawaone. Madzi ake amatsika pamiyala yosanjikizana ngati makwerero, oyera mbee, nagwera m'dziŵe lozingidwa ndi mitengo yachilengedwe. Ana amene ankalongolola njira yonse anangoti zii. Kenaka mtsikana wina anafunsa: "Aphunzitsi, mvula inaleka kale, nanga madzi onseŵa akuchokera kuti?"

Tinamuuza kuti afukule pansi pa mtengo. Dzanja lake linatuluka ndi masamba oŵola ndi dothi lachinyontho. Yankho linali lomwelo. Nkhalango imamwa mvula ya dzinja, mizu ndi masamba zimaisunga m'nthaka, ndipo madziwo amatuluka pang'onopang'ono chaka chonse. Ndiwo amene amadzaza damu lija, nafika m'mipopi ya mumzinda. Otsala amatsikira mu Likangala mpaka ku Nyanja ya Chilwa.

Koma pobwerera tinaona zomvetsa chisoni: zitsa zongodulidwa kumene, malo opserera ndi moto, ndi anthu osenza makala akutsetsereka. Sitikuwaweruza, pakuti makalawo ogula ake ndife tomwe. Komabe paphiri lopanda mitengo mvula imathamanga tsiku limodzi, nikokolola nthaka, ndipo pofika Okutobala mtsinje umatsala miyala yokhayokha. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Makolo anzathu, tengani ana anu mukawaonetse mathithi ameneŵa. Nyamulani majuzi, musasiye zinyalala, musasonkhe moto m'nkhalango. Ndipo mvula yoyamba ikagwa, banja lirilonse lidzale mtengo pakhomo. Ana athu a Sitandade 7 ayamba kale kufesa njere m'timachubu kuseri kwa kalasi, ndipo amene amazithirira m'maŵa uliwonse ndi mtsikana uja.