Msonkho Wobisika wa Anchito Osauka ku Britain

Lero ndifuna kukamba nanu za cinthu cimene cisautsa anchito a malipiro ocepa m'dziko la Britain. Funso lace ndi ili: munthu akaonjeza nchito yace, nalandira ndalama zina pamwamba pa malipiro ace, kodi ndi zingati zimene zitsala m'thumba mwace?

Boma la dzikolo lithandiza mabanja osowa ndi ndalama za mwezi ndi mwezi zochedwa Universal Credit, zimene zinayamba mu 2013. Munthu akapeza nchito, Boma silimlanda thandizo lonse tsiku limodzi ai, koma licepetsa pang'ono-pang'ono. Pa paundi iri yonse imene imtsalira atapereka misonkho, Boma licotsa mapeni 55 pa thandizo lace. Kumbukirani kuti paundi imodzi iri ndi mapeni 100. Okhala ndi ana ali ndi gawo loyamba la malipiro limene siliwerengedwa, koma akalipitirira lamulo ndi lomwelo.

Tsono tiyeni tiwerenge pamodzi. Tinene kuti kuli mai wina ku England, wa ana awiri, amene malipiro ace angopitirira £12,570 pa caka, ndiwo malire amene msonkho uyambira. Mwezi wina agwira maola oonjezera, nalandira £100. Msonkho wa pa malipiro utenga £20. Msonkho wina wochedwa National Insurance, umene unatsitsidwa mu April 2024, utenga £8. Zatsala £72. Pa £72 zimenezi Boma licepetsa thandizo lace ndi £39.60. Cotero phindu leni-leni la thukuta lace ndi £32.40 cabe.

Tsopano taonani munthu wolemera wa ku England komweko, wolandira koposa £125,140 pa caka. Iye akaonjeza £100, misonkho iwiri ija itenga £47, ndipo atsala ndi £53. Mai uja ataya gawo lalikuru koposa wolemera, ngakhale kuti m'mabuku a msonkho dzina lace liri pansi pa onse. Ici ndico cifukwa cace anchito ena akana maola oonjezera. Si ulesi ai. Awerenga mtengo wa basi ndi wa mlezi wa ana, naona kuti palibe cotsala.

Nanga Boma lilekeranji kukonza? Lakhala likuyesa. Poyamba linali kucotsa mapeni 65. Mu 2017 linatsitsa kufika 63, ndipo mu 2021 Nduna ya za Cuma, Rishi Sunak, inatsitsanso kufika 55. Koma bvuto ndi ili: thandizo likamacepa mocedwa, lifikanso kwa anthu a malipiro okwererapo, ndipo Boma liyenera kufuna ndalama zambiri kwa okhoma msonkho. Likamacepa msanga, Boma lisunga ndalama, koma wosauka agwa mphwayi.

Cifukwa cace, abale anga, mukamva kuti dziko lakuti likonza thandizo la osauka, musafunse kukula kwa thandizo kokha. Funsaninso kuti munthu akadzithandiza yekha ndi manja ace, adzamsiyira zingati.