Chiphaso cha Msika si Inshuwalansi

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, moto wolusa umavuta m'boma la Mzimba. Nkhalango ya Chikangawa imapsa chaka ndi chaka, ndipo udzu wouma umafikitsa moto pafupi ndi nyumba ndi maokala, kaya ndi pa Boma, pa Jenda kapena ku Embangweni.

Ochita malonda ena amaganiza kuti poti amadula chiphaso tsiku ndi tsiku, Khonsolo ya M'mbelwa idzawabwezera katundu akapsa. Sizili choncho. Chiphaso ndi cha malo ogulitsirapo basi. Ngozi ikagwa, khonsolo imalemba okhudzidwa n'kutumiza lipoti ku DoDMA, ndipo thandizo lobwera limakhala monga chimanga ndi mapepala ofolera, osati mpamba.

Yobweza mpamba ndi kampani ya inshuwalansi yovomerezedwa ndi Reserve Bank of Malawi, koma kwa okhawo amene analipiriratu. Kampaniyo imafuna umboni: malisiti oodera, buku la katundu ndi lipoti la apolisi. Apa ndiye ziphaso zakale zimathandiza, chifukwa zimasonyeza kuti munthuyo amagulitsiradi pamalopo.

Mapepala onsewa asamagone m'okala. Akapsera limodzi ndi katundu, umboni watha.