Chokoleti ya karameli: jekete ndi ya alendo, mkati ndi mwathu

Mwagula Bar-One ku Shoprite, mwaika m'thumba la buluku, mwakwera njinga kupita ku Kapata kukaona munthu wanu. Pofika mutsegula pepala, mupeza phala. Ndalama yapita, manyazi akugwirani. Ngati izi zinakuchitikirani mu October muno mu Chipata, musadandaule, tili ambiri.

Manje vuto ili pati? Ili pa jekete. Chokoleti yokuta kunja imapangidwa ndi mafuta a koko, ndipo mafuta amenewa amasungunuka kutentha kukafika pafupi ndi madigiri 34, pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu. N'chifukwa chake imasungunuka bwino m'kamwa. Koma dzuwa la October kuno limapitirira madigiri 30, ndiye mukaonjezapo thumba ndi thukuta, nkhani yatha.

Jekete yomweyo ndiyo imadulitsa. Koko sitilima mu Zambia. Oposa theka la koko wa dziko lonse amachokera ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, ndipo mbewu zitavuta kumeneko chifukwa cha nyengo ndi matenda, mtengo unadutsa madola 10,000 pa tani mu 2024. Chaka chomwecho chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumapita maola ambiri. Ganizirani mayi wa kantemba amene anaoda bokosi lathunthu, filiji yazima kuyambira m'mawa. Chokoleti yopindika ndani angagule pa mtengo wonse?

Apa ndiye muona nzeru ya tuma Eclairs tomwe timadzaza m'mabotolo pa tuntemba. Tumeneti n'totembenuza: karameli kunja, chokoleti mkati. Dzuwa likawomba timafewa chabe, koma sititayika. Pomwe Rolo, yomwe inayamba ku England mu 1937, ndi Bar-One ya ku South Africa, zinavala chokoleti kunja, ndiye zifuna mthunzi ngati mwana wakhanda.

Koma mkatimo mulibe zachilendo. Karameli ndi shuga wophikidwa mpaka kufiira, wosakaniza ndi mkaka ndi bata. Shuga ndi wathu wa ku Nakambala, ku Mazabuka. Mukaluma Lunch Bar mupezamo nshawa, ndipo pa nkhani ya nshawa ife a kum'mawa sitifunsa munthu. Chalimbana ndi wathu.

Ndiye ngati thumba lavuta, yesani izi pa Sabata. Ikani kapu imodzi ya shuga mu poto wouma pa moto wochepa, mpaka asungunuke n'kukhala ngati uchi wakuda. Ponyanimo masupuni awiri a bata kapena majarini, kenako theka la kapu ya mkaka wofunda, pang'onopang'ono chifukwa umafufuma. Chenjerani, shuga wosungunuka amaotcha kuposa madzi owira, ana akhale patali. Takasani mpaka zilimbe, thiranimo nshawa zokazinga ndi kamchere, yalani pa mbale yopaka mafuta, zikazizira dulani tizidutswa. Chokoleti imodzi chabe, yosungunula m'mbale yokhazika pa madzi otentha, ikwanira kuthira pamwamba pa tonse. M'malo mwa kamodzi kolimbirana, nyumba yonse idyako.

Kwa inu okonda za m'shopu, gulani chokoleti pomaliza, makamaka madzulo, ndipo isakhale m'thumba la buluku kapena pa dashibodi. Mukaipeza yatuwa pamwamba musathamangire kutaya: kawirikawiri ndi mafuta a koko amene anasungunuka n'kuumanso. Siioneka bwino, koma idyeka, malinga ngati deti siinapite.

Ndipo imwe anyamata, ngati ndi mphatso, pitani nayo dzuwa litalowa. Mlamu wathu afuna chokoleti yoluma, osati yonyambita pa pepala.