Kodi mumadziwa? Amapha anthu papepala koma kutsatsa buku kumawatulutsa thukuta

Kodi mumadziwa kuti mayi amene anapha anthu ambirimbiri m'mabuku ake ankanjenjemera akangomva zolankhula pagulu? Ameneyu ndi Agatha Christie wa ku England, katswiri wa nkhani za upandu ndi ofufuza milandu. Manyazi onsewo, mabuku ake agulidwa pafupifupi 2 biliyoni!

Mu 1958 anamukonzera phwando lalikulu ku hotela ya Savoy mumzinda wa London, kusangalalira sewero lake lotchedwa The Mousetrap. Mayiyu anafika molawirira, mlonda wapakhomo osamuzindikira n'kumubweza, ndipo iye anangotembenuka mwakachetechete osanena n'komwe kuti phwandolo ndi lake. Sewerolo linayamba mu 1952, ndipo patatha zaka zoposa 70 likuonetsedwabe.

Anzake a m'gulu la Detection Club atamupempha kuti akhale mtsogoleri wawo, anavomera koma anaika lamulo limodzi: asadzamuuze kuti aimirire n'kulankhula. Anachita kumupezera bambo wina woti azimulankhulira. Mpandowo anaukhala mpaka imfa yake mu 1976, pafupifupi zaka 20.

Nanga izi munazimvapo? Mu 1926 mayi yemweyu anasowa, apolisi ndi anthu miyandamiyanda n'kumamusakasaka, ndipo atapezeka mu hotela ina ku Harrogate patatha masiku 11, anthu ena anati zonsezo zinali njira yotsatsira mabuku. Chodabwitsa n'chakuti hotela yomweyo, imene lero ikutchedwa Old Swan, ndi kumene olemba nkhani za upandu amasonkhana chaka ndi chaka kukadzionetsa kwa owerenga, pa chikondwerero chimene chinayamba mu 2003.

Koma musaganize kuti kulimba mtima ndiye mankhwala. Edgar Wallace, amene anagwirapo ntchito ya utolankhani ku South Africa, anasindikiza yekha buku lake la The Four Just Men mu 1905, n'kulibisa mathero ake. Analengeza paliponse kuti wotulukira mmene munthu wa m'nkhaniyo anaphedwera adzapata mphoto, ndipo mphoto zonse pamodzi zinali mapaundi 500.

Bamboyu anaiwala kanthu kamodzi kakang'ono: kunena kuti wopambana mphoto iliyonse adzakhala mmodzi yekha. Olondola anachuluka, aliyense akufuna zake, Wallace n'kumira m'ngongole ngakhale bukulo linkayenda malonda. Anachita kuwomboledwa ndi abwana ake, Alfred Harmsworth, mwini wake wa nyuzipepala ya Daily Mail.

Georges Simenon wa ku Belgium yekha ndiye anaidziwa ntchito. Potulutsa mabuku oyamba a wapolisi wake Maigret mu 1931, anaitanira anthu ku dansi ya usiku wonse mumzinda wa Paris, ndipo pakhomo alendo ankadindidwa zala ngati akuba ogwidwa kumene. Maigret anadzaonekera m'mabuku aataliatali 75.

Nanga wamanyazi atani? Avale chophimba kumaso! Dzina lakuti Ellery Queen linali la anthu awiri apachibale a ku America, Frederic Dannay ndi Manfred Lee, amene analinso ndi dzina lina lobisalira, Barnaby Ross, ndipo m'zaka za m'ma 1930 ankakwera pansanja ataphimba kumaso, wina ngati Queen wina ngati Ross, n'kumatsutsana kolapitsa pamaso pa anthu osadziwa kuti olemba awiriwo ndi kampani imodzi.

James Patterson anali katswiri wotsatsa malonda ku kampani ya J. Walter Thompson asanatchuke ndi mabuku. Osindikiza atakana kulengeza buku lake la Along Came a Spider pa wailesi yakanema mu 1993, iye anapisa m'thumba n'kukonza yekha chilengezocho. Ndi munthu yemweyu amene buku lake loyamba linakanidwa ndi osindikiza 31.

John Grisham analibe za wailesi yakanema. Buku lake loyamba, A Time to Kill, linatuluka mu 1989, ndipo loya ameneyu ankalongedza mabuku kumbuyo kwa galimoto n'kumazungulira nawo m'malaibulale a ku Mississippi ngati wogulitsa kaunjika pa tsiku la msika. Pa mabuku 5,000 amene anasindikizidwa, 1,000 anagula yekha mwini wake.

Mukuti buku labwino limadzigulitsa lokha? Mu 2013 kunatuluka The Cuckoo's Calling, lolembedwa ndi munthu wosadziwika, Robert Galbraith, ndipo ngakhale olipenda analiyamikira, ogula anali ochepa zedi. Nyuzipepala ya Sunday Times itaulula kuti Galbraith ndi J.K. Rowling, mlembi wa Harry Potter, bukulo linadumpha pa mndandanda wa Amazon kuchoka pa nambala 4,709 kufika pa nambala 1.

Ena mantha osagulitsa amawalowetsa m'tchire. Mu 2012 wolemba wina wotchuka wa ku Britain anagwidwa akulemba ndemanga pa intaneti ndi mayina abodza, kutamanda mabuku ake n'kumanyoza a anzake. Ake ankawapatsa nyenyezi 5, a anzake nyenyezi imodzi, ndipo amene anamugwira ndi wolemba mnzake. Kunena zoona, munthu amene ntchito yake ndi kuluka mmene zigawenga zimagwidwira akanayenera kudziwa bwino kufufuta mapazi.

Olemba a masiku ano apeza njira yosavuta yothetsera manyazi: kuonekera pagulu ali chigulu. Val McDermid, Mark Billingham ndi anzawo anayi anayambitsa bandi yotchedwa Fun Lovin' Crime Writers, yoimba nyimbo zonena za upandu ndi kuphana. Mu 2019 anakaimba mpaka ku Glastonbury, chikondwerero cha nyimbo chimene kumafika anthu pafupifupi 200,000.

Ndiye pali Stieg Larsson wa ku Sweden, amene sanasainepo buku la nkhani zake za upandu ngakhale limodzi kwa wowerenga aliyense. Anamwalira mwadzidzidzi mu 2004 ali ndi zaka 50, atangopereka kumene mabuku ake atatu kwa osindikiza, ndipo loyamba linatuluka mu 2005. Mabuku a mndandanda wake wa Millennium agulidwa oposa 80 miliyoni.